Mapazi a Atate mu Julaye

Chaka chimene maso a atate anafooka ndi shuga, ndinawatenga kudzakhala nane ku Chelstone. Lachiwiri lililonse ndinkapita nawo ku kiliniki ku Woodlands pa kamotoka kanga kogula kakale, ka injini yokhala ndi tebo, kachipangizo kowonjezera mphamvu. M'mawa wa Julaye mu Lusaka umakhala ngati sunadzuke bwinobwino. Utsi wa mbaula umayandama pamwamba pa mipanda, dzuwa lili psuu koma losafunda, azimayi odikira minibasi atadzikulunga zitenje mpaka m'makutu. Ndinkayendetsa ngati ndikulota, wailesi ili pansipansi.

"Mapazi anga azizira," ankatero atate.

"Hita nayatsa, atate."

"Sisebenza iyi."

Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Fani ya hita ndinkaimva ikulira, ndipo m'majombo ndi jekete langa sindinkamva kuzizira kulikonse. Ndinati basi, ndi ukalamba. Pajatu anali atayamba kuiwala pomwe aika ndodo, ndipo kawiri konse anandiitana ndi dzina la malemu amayi. Masana ena ndinaimbira mlongo wanga wa ku Chipata ndili pakhonde, tinagwirizana kuti mwezi ukatha atate akwere basi akakhale kwa iye. Iwo sindinawauze.

Lachiwiri lotsatira tili pamzere wautali pa malobotsi, singano yoonetsa kutentha kwa injini inakwera mpaka pofiira. Mayo ine! Ndinapatukira pambali, pansi pa mtengo, n'kuimbira makanika wanga wa ku Kabwata. Sanafunse n'komwe. "Ba madamu, iyo ni tebo, yafa."

"Zima injini," anatero atate modekha. "Chivindikiro cha rediyeta usachigwire, chizakuocha kumaso."

Ndinali nditaiwala, kapena ndinene kuti ndinali nditasiya kuganizira, kuti munthuyu anatha moyo wake wonse pansi pa mabasi, akuwakonza. Tinadikira. Masamba ouma ankagwera pagalasi limodzilimodzi. Kutsidya mayi wina ankasesa kunja kwa geti, fumbi likukwera pang'onopang'ono m'kuwala kwa dzuwa, ndipo kwa kanthawi ndinadziona ndili kamtsikana, nditanyamula chitini cha masipanala kumbuyo kwa ovolosi yabuluu ya atate.

Injini itapola pang'ono anatuluka. Ndinawagwira mkono mpaka kutsogolo kwa motoka, n'kutsegula boneti. Zala zawo zinayenda zokha, zikupapasa, mpaka zinapeza mapaipi awiri olowera chakumene kuli mipando.

"Bweletsa dzanja. Iyi?"

"Yotentha."

"Nanga iyi?"

Inali yozizira ngati ya mufiriji. Anandifotokozera kuti madzi otentha a injini amalowa ndi paipi yoyamba m'karediyeta kakang'ono ka hita, n'kutuluka ndi yachiwiri. Ngati yachiwiri yazizira, ndiye kuti madzi sakudutsa. Kenako anasisita rediyeta yaikulu. M'mbali munali motentha, pakati zii.

"Umathila madzi abwanji muno?"

"A pa boholo yakunyumba." Kuyambira pamene paipi ina inayamba kudontha, ndinkangowonjezera ndi jagi m'mawa uliwonse, osaganizako za kulanti, madzi obiriwira aja ogula m'botolo.

"Ketulo yako mukati ioneka bwanji?"

Aliyense wa kwathu kuno amaidziwa laimu yoyera imene madzi athu amasiya m'ketulo, yolimba moti umachita kupala ndi mpeni.

"Ndiye mwamene mulili muno," anatero. "Tebo ilibe mlandu. Iyo imangowonjezela moto, koma madzi alibe njila."

Manyazi anandigwira mpaka m'mafupa. Milungu yonse ija bambo anga ankandiuza matenda a motoka yanga, ine ndikumva matenda a mutu wawo.

Tinafika ku Kabwata mokwawa, tikuima n'kupoza. Kumeneko atate anakhala pa tayala lakale, ndodo pakati pa miyendo, akulamula amuna akuluakulu ngati ali pantchito. Amunawo atatsuka mapaipi, munatuluka phala loyera losakanikirana ndi dzimbiri. Makanika uja anangogwira pakamwa, n'kutembenukira kwa atate. "Ba shikulu, mwanichita manyazi."

Pobwerera singano inakhala phee pakati, mphepo yofunda ikutuluka pansi. Atate anatsamira, maso ali chitsinzinire, ndipo ndinkayesa agona. Tikudutsa Kabulonga, mithunzi ya mitengo ikuyenda pankhope pawo, anayankhula osatembenuka.

"Ukapita kukagula tikiti ya ku Chipata, unisankhile mpando wapakati. Kumbuyo kumagwedeza msana."

Anali atamva zonse ndili pakhonde paja, ndipo sabata yathunthu sananene kanthu. Misozi inanditseka maso moti ndinaimanso pambali pa msewu, injini ikulira bwinobwino.

"Kulibe tikiti, atate," ndinatero. "Nikhululukileni. Simuyenda kulikonse."