Uthenga Wochokera ku Chigaru

Chaka chimene tinapita ku Kenya ndi atsikana asanu ndi mmodzi, ntchito yanga inali kusunga foni. Ndimaphunzitsa pa sekondale yoyendera pafupi ndi Lirangwe. Atsikanawo anali atapanga chowumitsira mfutso ndi matabwa, pepala la pulasitiki ndi neti yakutha ya udzudzu, ndiye bungwe lina linawaitana kuti akachionetse kumeneko kwa sabata imodzi. Aphunzitsi tinali awiri, adepute amene amaphunzitsa sayansi, ndi ine. Ine sayansi sindiidziwa. Ananditenga chifukwa atsikana sayenda opanda mphunzitsi wamkazi, komanso ahedi anati madamu osalankhulalankhula ngati ine sangamalize bandulo msanga.

Tisananyamuke tinatsegula gulu la makolo pa foni. Makolo awiri okha ndiwo anali ndi foni zazikulu. Enawo analembetsa manambala obwereka: ya mwini golosale, ya mkulu wa mpingo, ya bambo wina wa kabaza. Gulu la makolo linadzaza ndi anthu osakhala makolo, aliyense ndi funso lake.

Tinakwerera pa Chileka Lolemba, kuti tidzabwerere Lamlungu. Ine ndinakulira chapompo, kwa agogo anga, moti ndege ikamatera tinkasiya kaye kulankhula kudikira kuti idutse, koma mkati mwa mpanda ndinali ndisanalowemo. Makolo anabwera pa minibasi imodzi kudzaperekeza. Pakati pawo panali mayi wa ku Chigaru, wamfupi, wa nkhope yotopa, mayi wa mtsikana wa Fomu 3 amene ankakhoma misomali yonse ya chowumitsiracho. Anandipatsa mtedza wokazinga m'kajumbo, nati, "Madamu, ameneyu sanena akadwala. Muzimuyang'ana m'maso."

Titafika kumeneko masimu athu anafa onse. Chotsala chinali wayifayi ya pamalo pamene tinkagona, ndipo inkagwira m'chipinda chodyera mokha, pabenchi la pafupi ndi soketi. Benchi limenelo linasanduka ofesi yanga. Madzulo alionse cha m'ma faifi, tikabwerako kuchionetsero miyendo italema, ndinkakhala pamenepo foni ili patchaja, mauthenga n'kumagwa ngati mango a mphepo. Ndinkayamba ndamvera ndekha uliwonse, chifukwa ambiri sanali a ana. Mwini golosale ankafuna kudziwa ngati mafoni ali otchipa kumeneko. Mkulu wa mpingo ankatumiza pemphero lalitali tsiku lililonse. Bambo wina ankafuna chithunzi cha mwana wake m'mawa ndi madzulo, ngati kuti tikhoza kumusinthanitsa ndi wina.

Ndikasankhula, ndinkaitana atsikana mmodzimmodzi.

"Madamu, bambo anga anenanso za juzi?"

"Anena."

"Auzeni ndavala majuzi awiri, ina kumutu."

"Iwe, ako bola," mnzake ankatero. "Anga akufunsa ngati ndaonana ndi azungu. Ndiwauze kuti azungu ake ndi adepute?"

Mayi wa ku Chigaru ankatumiza mawu kudzera pa foni ya bambo wa kabaza, amene chithunzi chake pa foni chinali njinga yake yamoto yofiira. Mauthenga awo anali aafupi, okuwa ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. "Wadzuka bwanji mwanawe? Kuno tili bwino. Usamayende wekha." Kenako ankamveka akufunsa mwini foni, "Yatha kujambula?" Mwana wawo ankamvera kawiri, n'kuseka pang'ono, n'kubweza foni.

Lachinayi m'mawa, atsikana akusamba, ine ndili pabenchi lija, foni inalira. Inali nambala ya bambo wa kabaza koma mawu anali a munthu wina.

"Madamu, ndine malume ake a mwana uja wa ku Chigaru. Muli panokha?"

Ndinati ndili ndekha.

"Mlongo wanga watisiya dzulo madzulo. Anagwa kudimba, pofika kuchipatala n'kuti zitatha. Tiika mawa masana, sitingadikire Lamlungu. Ndiye chimene ndaimbira n'chakuti mwanayo musamuuze. Munthu ali paulendo sauzidwa maliro. Tidzamuuza tokha akafika pakhomo. Mwamva, madamu?"

Ndinati ndamva.

Ndinakawapeza adepute akupukuta nsapato pakhonde. Anamvetsera, n'kuvula magalasi. Kenako anati, "Mwini mbumba walankhula, madamu. Ife ndife aphunzitsi chabe. Tikauza mwana, akakomoka kuno kwa eni, tiyankha chiyani?" Atsikana awiri anali ndi mafoni awoawo, ndipo adepute anawalanda m'mawa womwewo, nati ndi lamulo la okonza chionetsero. Ankaopa masitetasi, chifukwa kwathu munthu akamwalira chithunzi chake chimafika pa foni mtembo usanafike pakhomo. Mantha awo sanali achabe. Nditatsegula gulu ndinapeza mwini golosale atalemba kale kuti pepani anamfedwa. Ndinafufuta, ndinalemba kupempha onse kuti asalembenso za malirowo, ndipo anthu asanu anayankha kuti amva, aliyense akutchula malirowo poyankha. Ndinafufutanso.

Mwambo umenewu ndimaudziwa kuchokera mkati. Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo atapita kale. Ananditumiza kwa azakhali ku Lunzu, amvekere ndikathandize kulera khanda. Nditabwerera kwa agogo anandiuza kuti amayi akadali kuchipatala m'tauni. Ndinadikira masabata awiri. Amene anandiuza anali mwana mnzanga pamjigo, titakangana za amene anali patsogolo pamzere. Anati, "Usandivute, iwe wamasiye." Nditafunsa agogo, anapitiriza kusankha tomato wawo wa kumsika, nati, "Wamva kale, ukufunanso chiyani?" Sanali ankhanza. Anandilera, anandiphunzitsa mpaka ndinakhala mphunzitsi. Koma palibe munthu wamkulu amene anakhala nane pansi n'kundiuza ndi pakamwa pake, ndipo kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuyang'ana nkhope za anthu kuposa kumvera zimene akunena.

Tsiku lonse la Lachinayi ndinayenda kumbuyo kwa mtsikana uja ngati mthunzi. Ankafotokozera alendo mmene mpweya wotentha umatulukira pamwamba pa chowumitsira, m'Chingerezi chake choonda, manja ali kumbuyo. Madzulo ndinaitana anzake asanu, aliyense anamva wake. Iye anatsala ataima.

"Wako sunafike," ndinatero. "Netiweki ya ku Chigaru ukuidziwa."

"Bambo a kabaza aja amapita pa Lirangwe tsiku lililonse, madamu. Pa Lirangwe imagwira."

"Kapena njinga yawonongeka."

Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana tchaja. Atachoka ndinalembera amalume ake kuti mwana wayamba kufunsa. Anayankha kuti ndisade nkhawa, akonza uthenga womukhazika mtima pansi.

Uthengawo unafika Lachisanu m'mawa tikumwa tiyi. Ndinatuluka nawo panja, ndinaika foni kukhutu. Anali mayi ake aang'ono, mawu atasasa koma akuyesetsa kuseka. "Mwanawe, ndine amayi ako aang'ono. Amayi ako apita kuchigayo, ndiye ati ndikupatse moni. Kuno tonse tili bwinobwino. Ulimbikire kumeneko, utibweretsere zabwino."

Mawu ake analibe vuto. Vuto linali kumbuyo kwa mawuwo. Kunkamveka azimayi akuimba, nyimbo ya pang'onopang'ono yokoka, imene imaimbidwa anthu atakhala pansi m'nyumba mozungulira mtembo. Chapatali wina ankakhoma misomali pa thabwa. Chakumapeto mayi wina anayamba kulira mokweza, wina n'kumuletsa. Anajambulira uthengawo kuseri kwa siwa. Anali atakhala m'nyimbozo usana ndi usiku moti makutu awo anali atasiya kuzimva. Mwana aliyense wa kwathu, ngakhale wa sitandade wani, akanadziwa pa mzere woyamba.

Ndinaumvera katatu, kufunafuna poti ndingadule. Panalibe. Nditatembenuka ndinapeza mtsikana uja ali pakhomo, atavala kale yunifolomu yosita, chifukwa masana amenewo ndiwo anali oti aweruzi adzaone ntchito yawo.

"Madamu, wanga wafika. Ndaona njinga ya bambo aja pa foni."

"Ndi amayi ako aang'ono. Akuti onse ali bwino."

"Bwanji amayi aang'ono?" Anatambasula dzanja. "Ndimve ndekha. Masiku onsewa mumatipatsa timve tokha."

Ndikanatha kunena kuti wafufutika. Ndikanatha kunena kuti batire latha. Mabodza ndinali nawo okwanira kufika Lamlungu, ndipo ndinali nditatopa nawo ndisanawanene. Chimene chinkandilemera chinali chakuti maola anali kutha. Lamlungu akanamuuza bwinobwino, inde, koma akanapeza dothi litauma kale pamanda.

Ndinati, "Tiye kuseri uku."

Kuseri kwa khitchini kunali kapinga ndi zingwe zoyanikira. Ndinakhala pansi, ndili mu siketi yanga yabwino, n'kutambasula miyendo. Ataona mphunzitsi wake wakhala padothi anayamba kugwedeza mutu. Ndinamugwira dzanja ndi kumukhazika pambali panga.

"Uthengawu usaumvere, ndi wabodza. Amayi ako anamwalira Lachitatu madzulo. Anagwa kudimba. Akuika lero masana. Amalume ako anati ndisakuuze, ine ndakuuza."

Sanakuwe. Anapinda msana mpaka chipumi chinagunda maondo. Ndinamukulunga ndi chitenje changa. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Adepute anatipeza pomwepo, anaona, anangoti, "Aa, madamu," n'kubwerera. Anatenga atsikana asanu aja n'kupita nawo kwa aweruzi.

Tinalowa m'chipinda chodyera, n'kukhala pabenchi lija. Ndinaimba pa nambala ya bambo wa kabaza ndi kupempha amalume.

"Ndamuuza," ndinatero.

Kumbuyo kwawo kunkamveka nyimbo zija.

"Anakutumani ndani?"

"Palibe."

"Madamu, mwana ameneyo ndi wanu? Munabereka ndinu? Ife tinakupatsani kuti mukamuphunzitse, osati..."

Mtsikana uja anandilanda foni. "Amalume, ndine. Musadule. Ndapota nanu, musadule. Auzeni bambo aja aike foni pafupi ndi amayi."

Sindinamve zimene anayankha. Koma foni sinadulidwe. Bambo wa kabaza uja anaigwira m'manja mwambo wonse. Inkaduka, ine n'kuimbanso, n'kudukanso. Tinamva zidutswa: mbiri ya malemu theka, ulaliki wodukaduka, mphepo, khanda likulira pafupi ndi foni. Mtsikanayo anatsamira khoma, foni ili pakhutu, chingwe cha tchaja chitakokeka mpaka pothera. Pena ankaimba nawo chapansipansi. Azimayi awiri ophika anasuzumira, anafunsa m'chilankhulo chawo, ine ndinangoloza foni ndi kuika dzanja pachifuwa. Anapita, anabwera ndi tiyi, n'kukhala nafe pabenchi mpaka ntchito inawaitana.

Atanyamula bokosi kulowera kumanda, mawu anayamba kuphwanyika. Manda akwawo ali kumtsetse, kumene netiweki sifika. Tinamva mapazi ambiri ndi nyimbo ikutalikira, kenako basi. Ndinaimba kasanu ndi kawiri, osalowa. Mtsikanayo anati, "Zisiyeni, madamu. Afika."

Masiku awiri otsalawo sanadye kwenikweni. Anzake ankagona momuzungulira, mabedi atawagundaniza. Gulu la makolo linapitiriza monga kale, juzi, zithunzi, mapemphero, ndipo ndinkayankha onse. Adepute sanandidzudzule, koma sanandilankhulenso kupatula za mapasipoti.

Lamlungu pa Chileka anabwera amalume ndi mayi aang'ono aja, mpango wakuda kumutu. Amalume anapereka moni wa manja awiri kwa adepute, ine anandidutsa ngati mtengo. Anatenga chikwama cha mwana n'kutsogola. Mayi aang'ono anatsalira pang'ono. Ndinkayembekeza mawu opweteka, ndipo ndinali wokonzeka kuwalandira.

Analankhula motsitsa. "Madamu, musaganize kuti tinkamubisira chifukwa chomuda. Kunyumba takonza azimayi anayi, akumudikira panopa. Tinati akamauzidwa pakhale manja omugwira akamagwa. Ndi mmene timachitira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Nanga kumeneko anamugwira ndani?"

"Ine."

Anayang'ana manja anga, mmene alili owondamu.

"Nokha?"

"Ndekha."

Anapumira m'mwamba, anakonza chitenje chawo, n'kutsatira anzawo ku minibasi. Ine ndinatsala ndi atsikana asanu oti ndiwapereke kwa makolo awo mmodzimmodzi.