Ng'ombe ya anansi anga m'chimanga changa

Anansi anga kuno ku Ntengo-Wambalame anaphunzitsa filozofiya ku Maputo mpaka mabuku anawadya tsitsi lonse. Amafufuza za tinthu tochepetsetsa kuposa fumbi, tomwe akuti timakhala topanda malo enieni mpaka munthu atatiyeza. Funso lawo n'lakuti, munthu asanayang'ane, kumakhala chiyani kwenikweni? Akaliyamba funsoli, ngakhale minibasi ya chapa imazima yokha.

Tsiku lina ndinamva mapesi akuthyoka m'munda mwanga, ndipo ndinathamangira kwawo.

"Achimwene, ng'ombe yanu ikundithera chimanga!"

"Mwaiona ndi maso?"

"Ndangoimva."

"Ndiye musasuzumire. Pakali pano ili kudambo, ilinso kwanu. Mukayang'ana, mwailowetsa ndinu."

"Nanga ana anga adzadya chiyani, mafunso?"

Anaseka, n'kuvula magalasi. "Ndikukunamizani, mphwanga, ng'ombe ndi yaikulu. Koma malire a zazing'ono ndi zazikulu, zaka makumi atatu sindinawapeze."

Anatola chikwapu, n'kulumpha mizere khumi kamodzi, dazi likung'anima ngati lata latsopano. M'mawa mwake ndinawapeza atagwada m'munda mwanga, akubzala nyemba zawo pomwe ng'ombe inadya, buluku la ku Maputo lili matope okhaokha.