Dengu lopepuka lomwe ndinkamutwika mwana wanga

Ndivomere poyambirira, inu owerenga: ndinalondalonda mwana wosalakwa, wolakwayo ndikumutwika dengu ndi manja angawa.

Ndimalima kabichi ku Biriwiri, ndipo ana ndili nawo awiri. Wamkulu ndi Yohane, wa tsitsi losapesa, wokonda kucheza pamsewu ndi anyamata a kabaza. Wamng'ono ndi Tadala, wa Fomu 2, wakwaya, woti pokupatsani madzi amagwada. Ine kukayikira ndiye khalidwe langa, koma konse kunathera pa Yohane. Ndinkamununkhiza malaya, kumupisa m'matumba, ngakhale akatsokomola ndinkati wasuta.

Loweruka lililonse Tadala ankapita ndi kabichi ku Ntcheu boma. Ankalongedza yekha kudimba, ine n'kumutwika. Kenako ndinayamba kudabwa: dengu lodzaza, koma lopepuka. Mtima unandiuza kuti Yohane akudula mitu yolimba n'kukagulitsa, ife kutisiyira yofewa. Ndinamutcha mbava pamaso pa anzake. Za foni yatsopano ya Tadala sindinafunse kawiri, atangoti wabwereka kwa mnzake.

Loweruka lina apolisi anakhuthula dengulo pa rodibuloko. Kabichi anali pamwamba pokha, pansi ponse chamba. Chambacho ankamupatsira Tadala anali bambo wina wa kutsidya kwa malire, podziwa kuti mtsikana waulemu sasechedwa kawirikawiri. Khoti la ana linatumiza Tadala kumalo osungirako ana olakwira malamulo.

Popita kukamuona ndinkayembekeza kupeza anyamata okhaokha, akuba mbuzi aja. Ndinapezanso atsikana, ena makolo awo ovala bwino kuposa ine. Mayi wina wowayang'anira anandiuza kuti kale ankalandira ana oba chifukwa cha njala, koma tsopano akubwera ana asukulu otumidwa ndi akuluakulu, ena chamba, ena kubera anthu pafoni.

Nditabwerera kunyumba ndinafunsa Yohane ngati ankadziwa.

"Ndinkadziwa, amayi. Koma ndikananena ine, mukanakhulupirira?"

Manyazi ake sanandichokebe mpaka lero.

Makolo anzanga, anthu oipa masiku ano akusankha mwana yemwe inu simumukayikira. Musamatope ndi kufufuza wa tsitsi losapesa yekha, wogwadayo muzimufunsanso. Ine kupepuka kwa dengu ndinakumva m'manja mwangamu sabata ndi sabata, koma sindinachotsepo kabichi ngakhale mmodzi kuti ndione pansi.