Shuga amene amayi anandisungira

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinaima pamzere wa shuga ku Hauna, katawuni ka kwathu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera chimanjamanja. Munali mu 2007. Ine wobadwira m'komboni ya pa esiteti ku Honde, ndinkathyola tiyi tsiku lonse, koma malipiro akafika sankagula ngakhale sopo. Ndinapita kumudzi ku Mandeya, kumene amayi ali ndi kamunda ka nthochi, n'kuwauza kuti, "Ndikupita ku Joni. Mundisungire Tariro." Tariro ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Amayi sanandiletse. Anangoti, "Pita mwanangu, koma ukabwere ndi miyendo yako yonse iwiri."

Sinali nthabwala imeneyo. Bambo anga, amene anachoka ku Mulanje ali mnyamata kukathyola tiyi ku Honde, anafa ndi matenda a shuga. Zinayamba ndi kachilonda pachala cha kuphazi, kenako anawadula mwendo, chaka chisanathe tinawaika m'manda. Ndimakumbukirabe amayi akundikokera kuseri kwa bafa, kumene bambo ankatayira madzi, n'kundilozera nyerere zitadzaza pamenepo. "Waona? Mkodzo wa atate ako ukutsekemera."

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'nyumba. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo Lamlungu lina linkatha osayankhula ndi munthu aliyense. Mwezi ukatha ndinkapatsira dalaivala wa basi mafuta ophikira, sopo, mchere ndi shuga. Foni ndinkaimbira kwa aphunzitsi ena oyandikana nafe, iwo n'kukaitana amayi. Nthawi zonse ndinkati ndili bwino. Ndinanena zomwezo ngakhale sabata imene a nesi a kukiliniki anandibaya chala n'kundiuza kuti ndili ndi matenda a bambo anga. Ndikanawauza bwanji amayi? Ndinangoyamba kumwa mapiritsi, ndinasiya zotsekemera, ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu ndinadzigwira ndithu.

Chinandigwetsa ndi holide. Mu Disembala 2008 adona anga ananditenga kupita ku Durban kuti ndizikawalerera ana. Abale inu, kuhotela kuja chakudya amangochiyala patebulo, palibe wokuwerengera. Ine amene ndinachoka kwathu chifukwa cha paketi imodzi ya shuga! Tsiku loyamba ndinati kakeke kamodzi sikapha munthu. Lachiwiri ndinawonjezera ayisikilimu. Pofika sabata yachiwiri ndinali kumwa zoziziritsa kukhosi ngati madzi, tchipisi m'mawa ndi masana, mapiritsi nditaiwala m'chikwama. Dyera langa lomweli, sindinamizira munthu.

Titabwerera, ludzu silinkatha, maso ankachita chifunga, ndipo pachala chachikulu cha kuphazi, pamene nsapato inandikhula pamchenga wa kunyanja ku Durban, panali kachilonda kosapola. A nesi anakayang'ana nthawi yaitali. Anandilembera pepala la zoti ndizidya n'kunena kuti, "Mayi, ukapitiriza chonchi phazi ili si lako." Ndinatuluka ndikudzifunsa. Wantchito wa mwendo umodzi ndani angamulembe? Nanga Tariro adzadya chiyani?

Tchuthi changa chinali mu Januwale, ndiye ndinakwera basi ndi mantha omwewo. Kwathu inali nthawi ya kolera, zipatala zambiri zilibe mankhwala, ndipo ndinkadziwa kuti chilondacho chikakula ndili kumudzi, basi zanga zada. Nditatsika, anthu anandizungulira. "Maiwe, wanenepa! Ku Joni kwamukonda!" Ine n'kumaseka nawo, mumtima ndikuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sokosi sindinavule.

Ife ana a pa esiteti mlendo timamulandira ndi tiyi, ndipo ulemu wake umaoneka pa kuchuluka kwa shuga. Amayi anatsegula thiranki yawo yachitsulo. Pansi pa zovala za kutchalitchi panali mapaketi a shuga amene ndinkatumiza aja, ambiri osatsegula n'komwe. Tariro anandinong'oneza kuti chaka chonse iwo ankamwa tiyi wopanda kanthu, agogo ake akuti shugayo ndi wa tsiku limene ndidzabwere. Amayi anathira masipuni anayi m'kapu yachitsulo imene bambo ankamwera, anatakasa, n'kundipatsa ndi manja awiri. "Imwa mwanangu, wavutikira ndiwe."

Ndinamwa. Mulungu andikhululukire, ndinamwa mpaka pansi. Ndinamwanso mawa lake ndi mkuja wake, m'mawa ndi madzulo, chifukwa ndinkaopa nkhope ya amayi kuposa mpeni wa dokotala. Chala chija chinayamba kutupa ndi kuwalawala.

Tsiku lachinayi m'mawa, ndikusesa pabwalo, amayi anandiitana ndi dzina langa lonse. Anali ataima kuseri kwa bafa. Nditafika anangoloza pansi. Nyerere zinali zitachita mzere kuchokera kutsinde la nthochi mpaka pamalo omwe ndinatayira madzi m'mamawa.

"Vula sokosi."

Ndinavula. Anagwada, anagwira phazi langa.

"Iwe mwana iwe! Ine ndikukupha ndi manja anga, iwe uli duu? Ukufuna ndiike awiri ndi nthenda imodzi?"

Ndinalira ngati khanda, ndinaulula zonse, za Durban zomwe. Kenako ndinatulutsa pepala la a nesi n'kuwawerengera: masamba ambiri, nyemba, ufa wosakonola pang'ono, mafuta ochepa, shuga ayi. Amayi anaseka kuseka kowawa. "Ndiye kuti njala yathu yomweyi ndi imene adokotala akulembera?"

Kuyambira tsiku limenelo mbale yanga anaigwira okha. M'mawa tiyi wowawa ndi peyala. Masana nkhwani kapena chisoso, nyemba, ndi kansima ka mawere kosaposa chibakera chawo. Madhumbe, zilazi zathu za ku Honde zija, ankandidulira theka lokha. Nthochi zakupsa zili lendelende pakhomo, ine osaloledwa kukhudza. Shuga wa m'thiranki anakasinthanitsa ndi mawere ndi nyemba kwa amayi anzawo a kutchalitchi. Ndisaname, zinali zowawa. Sabata yoyamba mutu unkandiphwanya, ndinkakwiya ndi aliyense, ndikaona mwana akutafuna nzimbe malovu ankadzaza m'kamwa. Mapiritsi ndinkamwa iwo akundiyang'ana, ndipo chilonda ankachitsuka ndi madzi owiritsa a mchere. M'mawa uliwonse, asanandipatse moni, ankayamba apita kuseri kwa bafa kukaona ngati nyerere zabwera, ine n'kumadikira pakhomo.

Sabata yachitatu chilonda chinayamba kuuma. Tsiku lonyamuka anabwera kuchokera kuseri kuja akupukuta manja pachitenje. "Lero sizinabwere," anatero, n'kundimangira ufa wa mawere ndi mfutso m'chikwama chomwe ndinabweretsera katundu.

Ndinkadziona ngati ine ndi amene ndikudyetsa mudzi, koma amene anandiphunzitsanso kudya ndi anthu omwe ndinkawamvera chisoni aja. Mantha sanathe. Ndimayang'anabe zala zanga m'mawa uliwonse ndisanavale nsapato. Ndikaimba foni, amayi safunsa za katundu, safunsanso kuti ndibwera liti. Amangoti, "Miyendo ilipo ingati?"

Ndimayankha kuti iwiri. Akamva zimenezo m'pamene amandipatsa moni.