Masamba a Fyness Pamsewu

Mukadzafika kwa Kalumphe, kamudzi kali kuseri kwa Sinda, musadzavutike kufunsa kuti Fyness Mbewe amakhala pati. Mudzangoti, "Amai aja analira maliro a mu tivi ali kuti?" Ngakhale mbuzi idzakulozerani ndi ndevu.

Fyness anabadwira ku Vubwi, kufupi ndi malire. Ali mtsikana anali ndi mawu oti akaimba ali pachitsime, akumunda ankaimika makasu. Kusekondale ndiye ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya sukulu. Ali giredi naini, kwayayo inasankhidwa kukapikisana ku Chipata, ndipo yunifomu anali ataisita kale. Kutatsala masiku anayi atate ake anamwalira, amalume ake n'kunena kuti sukulu yathera pomwepo, akathandize amake kulima. Basi ya anzake anaionera ali m'munda wa thonje. Nyimbo yake anakaimba wina. Kuchokera tsiku limenelo Fyness ankaimba chapansipansi ngati munthu wobwereka mawu.

Anakwatiwa ndi Solomoni Sakala, mlimi wa nsawa ndi thonje, munthu wosachedwa kuseka. Kwathu kuno mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma Solomoni anapempha chitengwa, n'kubwera naye mkazi wake kwa abale ake. Zaka makumi awiri ndi zitatu Fyness anakhala pamudzipo ngati nkhuku yachilendo, mwendo umodzi uli m'mwamba. Womukumbutsa analipo: a Margret, mlongo wamkulu wa Solomoni, mai woti akatsokomola agalu amasiya kuuwa. Mchere ukachepa m'ndiwo, ankangoti, "Mlamu, msewu wa ku Vubwi sanautseke."

Ndiye kunabwera tivi. Abigail, mwana wawo woyamba amene amagwira ntchito m'sitolo ku Katete, anawagulira tivi ndi sola yake. Mmenemo Loweruka lililonse nthawi ya fotini, ndiye kuti 2 koloko masana, munkatuluka sewero la ana a sekondale a kutsidya kwa nyanja, ana osadziwa buku. M'kalasi, kuimba. Akakangana, kuimba. Mnyamata akamukana chibwenzi, m'malo mopita kukagona ngati anzake, amakwera pa tebulo n'kuyamba nyimbo, aphunzitsi n'kumavina kumbuyo. Dzina la seweroli linakana kukhala pa lilime, choncho akazi a kwa Kalumphe anangolitcha Ana a Kwaya.

Ankadzazana m'nyumba mwa Fyness, iye n'kumawamasulira Chingerezi, china chomva, china chowonjezera yekha. Posakhalitsa mudzi unagawika pawiri. Ena, pamodzi ndi Fyness, anali kumbali ya Namagalasi, kamtsikana kamanyazi kovala magalasi, ka mawu ngati uchi. Ena anali kumbali ya Natsitsi, mtsikana wonyada wa tsitsi lofika m'chiuno. Idah, mnzake wa Fyness wa pamtondo, anali wa Natsitsi, ndipo nthawi ina awiriwa anatha masiku atatu osapatsana moni pa mjigo chifukwa cha ana a eni ake amene sadziwa n'komwe kuti padziko pali Sinda.

A Margret sankapondako. "Akazi aakuluakulu, a zidzukulu, kumasekera tiana ta m'bokosi! Mudzaona."

Chaka chimenecho, nyengo yokumba nsawa, Solomoni anagwidwa chibayo. Anagona m'chipatala ku Katete masabata atatu, Fyness akugona pa simenti pansi pa bedi. Masiku ena mpweya unkachita kumukanirira mwamunayo, koma Fyness sanagwetse msozi. Loweruka lachitatu Solomoni anamwa phala n'kupempha lina. Abigail anati, "Amai, lero ndikhala ndine. Pitani mukasambe bwino, mukachape bulangeti ili, foni ya atate mukaitchaje. Mubwere mawa."

Fyness anatsika pa njinga yamoto dzuwa litangopendeka. Mudzi unali zii, onse ali ku nsawa. A Margret, ali m'munda mwawo kutsidya kwa msewu, anamuona: mlamu ali yekha, nkhope yakugwa, bulangeti la Solomoni lili m'khwapa. Mwambo wake, Fyness akanayamba wapita kukawauza mmene wodwala wagonera. Koma anayang'ana pa foni. Fotini inali itatsala mphindi zisanu. Masabata atatu osamuona Namagalasi! Anati akawauza sewero likatha.

Tsiku limenelo sewero silinaseketse. Kwaya inali kunyamuka kupita ku mpikisano, ndipo amake a Namagalasi anabwera kudzamutenga pa geti, ati kunyumba kwagwa vuto. Basi inanyamuka. Kamtsikanako kanaima ndi yunifomu yake yosita, kakuyang'ana fumbi, uku m'basimo Natsitsi akuimba nyimbo ya Namagalasi.

Fyness sanadziwe kuti manja afika liti pamutu. Chimene chinatuluka pakhosi pake sikunali kulira kwa masewera ayi. Unali mfuu weniweni, uja umadzutsa tsitsi.

"Mayo ine! Mayo ine, mayo!"

Kutsidya kwa msewu khasu la a Margret linagwa.

Mukudziwa mmene zimakhalira. Mkazi akamva mfuu wotere kunyumba kumene kuli wodwala, safunsa. Amaulandira n'kuupatsira mnzake. Unachoka m'munda mwa a Margret, unalumphira m'munda wina, unakafika kudambo. Fyness asanapukute maso, pakhomo panagwa a Margret, akugubuduka m'fumbi.

"Mlongo wanga ine! Solomoni, wandisiyira yani mbumba iyi!"

 Fyness anatsegula pakamwa, koma akazi anayi anali atamugwira kale, wina akumumanga chitenje m'mimba, wina akumukhazika pamphasa. Amuna analowa n'kuyamba kutulutsa mipando, tebulo, kabati, kuti olira apeze pokhala. Tivi inatuluka itafunditsidwa nsalu. Pawindo Fyness anaona anyamata akuthyola nthambi n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku, kuti aliyense wodutsa atsike pa njinga adziwe kuti pano pagwa zovuta.

Kulira munthu ali moyo ndi malodza. Amati wamulaula, ukumuitanira manda. Mwana wa pamudzi akachita zimenezi amakalipiridwa n'kulipa nkhuku. Nanga mtengwa, wolira mwamuna wake ali m'chipatala? Fyness anauona msewu wa ku Vubwi uli tambalale, iye ali ndi mtolo pamutu, zaka makumi awiri ndi zitatu zitatsalira m'mbuyo pamodzi ndi mitengo ya mango imene anabzala yekha. Akalankhula, wapita. Akakhala chete, moto ukukula. Anati alankhula a Margret akangopuma. A Margret sanapume.

Idah anadzikankhira pafupi, n'kumukumbatira ngati akumutonthoza. Anaika pakamwa pa khutu.

"Iwe, tivi ndazimitsa ndine. Ndinaipeza ikuyaka. Undiuze zoona, a Solomoni ali moyo?"

Fyness anagwedeza mutu pang'ono.

"Mayo!" Idah anakuwa, olira n'kumuyankha. Anabwereranso ku khutu. "Ndiye walirira chiyani?"

"Namagalasi basi yamusiya."

"Nyimbo waimba ndani? Natsitsi?"

"Idah, ndikufa ine."

"Pepa. Tamvera. Komoka. Ukatsitsimuka unene kuti unagona n'kulota. Maloto sazengedwa mlandu."

Fyness analiganizira bodzalo, ndipo linkakoma. Koma anthu angati anaona tivi ikuyaka? Komanso mkazi wolota mwamuna wake atafa masana dzuwa likuswa mtengo, a Margret akanamutcha dzina loipa koposa, la mfiti.

Pakhomo ananjuta a Evaristo, mkulu wa mpingo, chipewa chili m'manja.

"Pepani, amake Abigail. Atisiya nthawi yanji abale athuwa?"

Nyumba yonse inatsitsa mawu kudikira yankho. Fyness anayang'ana pansi. 

"Asiyeni, chisoni chawagwira pakhosi," anatero a Evaristo. "Ine ndikaimbe belu, midzi inayi imve. Tikatero tipeze galimoto yokatenga thupi."

Belu la kwa Kalumphe ndi chitsulo cha gudumu la lole, chopachikidwa pa mtengo wa mthethe pafupi ndi tchalitchi. Likalira kamodzikamodzi, mwa maliro, limamveka mpaka kumidzi ya kuphiri. Mfuu ungathe kuubweza, masamba ungathe kuwachotsa, koma belu likalira, munthu wafa. Wina akanaimbira foni ku Katete, mawu akanalowa m'wodi, Solomoni n'kumva ali pabedi kuti kwawo amulira kale. Munthu amene dzulo lomwe mpweya unkamukanirira!

Fyness anawaona a Evaristo akudutsa pa nkhokwe. Anadutsa pa khola. Anawerama kutola chitsulo choimbira.

Fyness anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Anapyola pakati pa akazi, chitenje chikukwekwereka, n'kuima pabwalo. Kutchalitchi kunali kutali, miyendo sikanafika. Anakoka mpweya kuchokera kumene unagona zaka zonse zija, ndipo mawu a pachitsime cha ku Vubwi anatuluka onse.

"A Evaristooo! Musaimbeee! Ali moyooo!"

Dzanja la a Evaristo linaima m'malere. Nkhunda zinabalalika pa denga la tchalitchi. Kulira kunaduka ngati ulusi.

A Margret anatuluka m'nyumba pang'onopang'ono, fumbi lili mbuu kumaso.

"Mwati chiyani, mlamu?"

Fyness anagwada. "Ali moyo, alamu. M'mawa amwa phala mbale ziwiri."

"Nanga mwalirira ndani?"

"Namagalasi."

"Wa kwa yani ameneyo?"

"Wa mu tivi."

Panalibe woseka. Wina kumbuyo anayesa, n'kusandutsa chifuwa. A Margret analoza Fyness ndi chala.

"Ine ndagubuduka m'dothi ngati bulu. Ndatchula dzina la mlongo wanga m'maliro, iye akupuma. Mwamulaula! Mwatopa naye, mukufuna afe? Lowani mulongedze. Dzuwa lisanalowe ndikuoneni pamsewu."

 Fyness anangoyang'ana mitengo yake ya mango.

A Evaristo anafika akupuma mwa befu, chitsulo chikadali m'manja. "Amai, mlandu ulipo, waukulu ndithu. Koma chitengwa anapempha ndi Solomoni. Mwini wake timumve."

Kwa Kalumphe netiweki imapezeka pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa mjigo. Maliro onse ananyamuka kupita kuchulu. A Margret anakwera pamwamba, n'kuimbira Abigail, n'kutsegula sipika ya foni kuti onse amve. Fyness anatsalira pansi, atagwada pa minga osaimva.

"Ndipatse atate ako."

Kunamveka kutsokomola, kenaka mawu ofooka. "Alongo, kwagwanji?"

A Margret anafotokoza zonse, mfuu, masamba, belu, osasiyako ngakhale fumbi la kumaso kwawo. Fyness anaopa kuti nkhaniyi imumaliza mwamuna wake.

"Kamwana ka magalasi kaja," anatero Solomoni, "akatani?"

A Margret anayang'ana pansi pa chulu. Idah ndiye anayankha mokuwa: "Basi ya ku mpikisano yakasiya, alamu!"

"Ohoo." Anatsokomolanso. "Alongo, mkazi ameneyo nayenso basi inamusiya, inu simudziwa. Ndipo kuno wagona pa simenti masabata atatu. Usiku wina anamwino anathamanga nane, iye anangondigwira phazi, diso louma, kuti ndisachite mantha. Misozi imeneyo mumati ikatulukire kuti? Mukamuthamangitsa, chabwino, koma mawa mubwere ndinu ndi mphasa yanu. Simenti ya kuno imaluma."

Kenaka Solomoni anafunsa:

"Kodi kunabwera anthu ambiri?"

"Mudzi wonse," anatero a Evaristo.

"Misheck analira? Uja anandibwereka nkhwangwa chaka chatha?"

Misheck, ali kumbuyo, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Apa ndiye anthu anaphulika, ena akupukuta misozi yotsala ija.

A Margret sanaseke. Anatsika pa chulu n'kuima pamaso pa Fyness.

"Masamba aja mukachotse nokha, limodzilimodzi, anthu akuona. Tambala wanu wofiira uja abwere kwathu, tichotse malodza. Ndipo chibokosi chija sichilowanso m'nyumba mwa mlongo wanga. Chikakhala kwa ine."

Za Vubwi sanazitchule. Fyness anawomba m'manja katatu, n'kunyamuka kupita kumsewu. Anatola nthambi zonse yekha, dzuwa likumuwotcha pamsana, oyenda pa njinga akumufunsa kuti maliro aikidwa kale kodi. Iye ankangoti, "Adzuka."

Solomoni anatuluka m'chipatala Lachinayi, ndipo mpaka lero amadzitama kuti ndi yekhayo m'boma la Sinda amene akudziwa omwe adzamulire. Fyness akadali kwa Kalumphe, mango ake akudya yekha. M'tchalitchi a Evaristo anamukakamiza kulowa kwaya ya amai, ati mawu oimitsa belu sangamakhale pa benchi ya kumbuyo.

Tivi inakhala yofunditsidwa kwa a Margret masabata awiri. Loweruka lachitatu anatuma mawu akuti mlamu abwere, pali zoti amasulire, iwo angofuna aone chimene chinawagubuduza m'dothi. Tsopano fotini ikakwana akazi amadzazana kumeneko, chitseko chotseka, mawindo otseka. A Margret amakhala pafupi ndi Fyness, chitenje chopinda chili m'manja, kuti nyimbo ikafika pa chisoni amutseke pakamwa msanga.

A Margret ali kumbali ya Natsitsi. Ati mtsikana ameneyo ndiye amadziwa mwambo.