A Levison M'phanga la Fisi

A Levison Kamwendo amalima mbatatesi ndi nyemba m'mphepete mwa phiri ku Lobi. Uzimba anauyamba ndi mkwiyo, osati nkhuli: chaka china nguluwe zinawafukulira munda wonse. Kuyambira pamenepo, mvula ikayandikira ankatenga mkondo, agalu awo awiri ndi mlamu wawo Vinsenti n'kukagona kutchire. Ankati ulendo wabwino umafuna madzi pafupi, msasa wofulatira mphepo ndi mnzako wosalongolola. Vinsenti anali wolongolola, koma poti ndi mlongo wa akazi awo, a Pilira, akanatani?

Ulendo umene samaukonda kuukamba unali wa mu Okutobala. Anagona bwino mumsasa pafupi ndi kamtsinje, ndipo kutacha anatsata mapazi a nguluwe mpaka m'chigwa cha tsekera wautali kuposa munthu. Dzuwa lili pamutu, phulusa linayamba kuwagwera pamapewa. Kumunsi kunamveka kuthetheka ngati wina akuthyola nsungwi.

"Alamu, ndi moto uwo!" anatero Vinsenti. "Osaka mbewa ayatsa!"

Mphepo inkakwera phiri, moto nawo unkakwera. Kubwerera kumtsinje kunali kosatheka. Anathamangira kumtunda, tsekera akuwacheka kumaso, agalu atabalalika kale. A Levison anataya mkondo osadziwa n'komwe. Kumsana kunkatentha ngati ayandikira uvuni wa njerwa. Vinsenti anagwa, nadzuka wopanda nsapato imodzi.

Pansi pa thanthwe lalikulu anaona kaphanga ka khomo laling'ono. Analowa chokwawa, nagona chafufumimba. Fungo la m'menemo linali la nyama yowola, ndipo dzanja la a Levison linagwira fupa.

Kenako china chake chinapuma kumbuyo kwawo.

A Levison anatembenuza khosi pang'onopang'ono. Kumapeto kwa phangalo, poti akanatambasula mwendo akanamukhudza, panali fisi wamkulu atadzipanikiza pamwala, kukamwa kuli yasa, dovu likuchucha.

"Musayang'ane kumbuyo, alamu," ananong'ona a Levison.

Vinsenti anayang'ana. Anayamba kupemphera "Tikuoneni Maria", koma sanamalize.

Panja moto unafika. Kuwala kunasanduka kofiira, utsi n'kudzaza phanga. Fisi anayamba kulira motsitsa, akupalasa dothi. A Levison anadziwa kuti nayenso akufuna mpweya, ndipo njira yotulukira inali imodzi yokha, pamene iwo anagona. Anafuna kutsokomola, naluma mkono wa malaya. Mpaka lero samabisa kuti anadzinyowetsera.

Fisi anadumpha. Anawaponda pamsana ndi kulemera kwake konse, chikhadabo chikung'amba khutu la Vinsenti, natulukira m'malawi momwemo. Anamva kulira kwake kukutsika chigwa, mpaka zii.

Anakhalabe chigonere moto utadutsa kale, aliyense akuopa kuyamba kusuntha. Potuluka anapeza phiri lonse lili bii, zitsa zikufuka. Phazi la Vinsenti lopanda nsapato linapsa atangoponda pang'ono, choncho a Levison anamubereka mpaka kumtsinje, kumene anapeza msasa ndi mabulangete zili phulusa lokhalokha. Galu mmodzi, Tionenji, anawadikira m'madzi akunjenjemera. Winayo sanaonekenso.

A Pilira atawaona akulowa pakhomo akuda ngati makala, mlongo wawo magazi ali m'khosi, anangokhala pansi pomwe anaimapo, lichero likadali m'manja.

Khutu la Vinsenti analisoka kuchipatala, koma linapola mopindika. Masiku ano a Levison akamva fungo la udzu wopsa amasiya khasu n'kuyamba kuyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Mapesi a m'munda mwawo saotchanso, amangowakwirira m'mizere. Anzawo amati ndi ulimi wamakono umene aphunzira kwa alangizi, ndipo iwo sawatsutsa.