Mlongoti Wopindika wa a Casimir Wojtas

Tsiku limene buluku la a Casimir Wojtas linakodwa pa mlongoti wa kanema, msewu wathu wonse ku Pittsburgh, ku America, unasiya ntchito. Tinaima pansi n'kumaonerera kabudula wawo wam'kati wamizeremizere, iwo ali padenga kukuwa, "Bweretsani makwerero, inu! Mukuyesa sewero?" Tonse tinkati akwera kukakonza mlongotiwo. Sitinadziwe kuti anakwera kukaupinda dala.

A Casimir ankayendetsa basi, ndipo mu 1953 ndiwo anayamba kugula wailesi yakanema m'nyumba yathu yosanja. Ankakonda sewero lanthabwala la mlungu ndi mlungu la tambwali wina wotchena, amene ankapusitsa anthu oumira kuti athandize ovutika. Akamaonera, milomo yawo inkayenda ngati mwana wasukulu akuloweza phunziro.

Pamwamba pawo pankakhala a Emil Dudek, omwe anapuma ntchito ku fakitale ya zitsulo. Chimwalirireni akazi awo, madalawa sankatsika, ndipo lamba wawo anali atamuboola mabowo atsopano chifukwa cha kuwonda. Tikawapititsira chakudya ankabweza. "Sindine wopemphapempha ine," ankatero, chitseko n'kutseka.

Madzulo a tsiku la buluku lija, a Casimir anakagogoda kwa a Emil.

"Achikulire, ndavutika. Kanema wanga akungoonetsa madontho. Okonza akuti tinyanga tawaya ta pamwamba pake tizigwiridwa ndi munthu amene wagwira zitsulo moyo wake wonse."

"Bodza limenelo."

"Ndiye tiyeni mukalione bodzalo."

A Emil anatsika akung'ung'udza. Atangogwira tinyangato, nkhope ya tambwali uja inaoneka bwinobwino. Zoona zake n'zoti aliyense akanagwira zikanatero, koma ife tinawomba m'manja ngati taona chozizwitsa.

"Wantchito wanga sapita ndi njala," anatero a Casimir, akukankhira mbale ya soseji ndi kabichi kufupi ndi dzanja linalo. "Awa ndi malipiro. Mukakana mwandinyoza."

Kuyambira pamenepo a Emil ankaonera sewerolo chammbali, dzanja lina pa waya, lina pa foloko. Kenako kanemayo anayamba kudwalanso pa nthawi ya nkhani, ya nkhonya, mpaka Lamlungu masana tikachokera ku Misa. Tsiku lina tambwali wa m'sewero atagwidwa bodza, tinamva kuseka kwachilendo pakona: anali a Emil. Akazi a Casimir anathamangira kukhitchini, akuti anyezi anawalowa m'maso.

Mnyamata wokonza mawailesi atadzipereka kuwongola mlongotiwo mwaulere, a Casimir anam'pitikitsa mpaka pa msewu. Pobwerera anapeza mayi Stasia Pilarski, a chipinda choyandikana nawo, ali pakhomo ndi tsache.

"A Casimir, bodza simulitha, ndipo a Emil analitulukira tsiku loyamba lomwe. Koma mlongotiwo musaukhudze. Lamba wa madala aja wabwerera pa bowo lakale."